Zaulere Sitilipira

Alamu anga ali ndi matenda amodzi. Akangomva mawu oti "zaulere", makutu awo amatsekeka, moti chilichonse chimene munganene pambuyo pake mukungodzithera malovu. Matendawa ndinkawadziwa kuyambira kale. Chimene sindinkadziwa n'choti tsiku lina adzatimezera mawu a malemu apongozi anga aakazi, mlandu wake n'kusenza ine.

Ndinkagwira ntchito pa wailesi ya kubanja kwa amuna anga. Inali wailesi yaing'ono, zipinda zisanu pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo fungo la matayalawo linkakwera nafe masitepe m'mawa uliwonse. Eni ake anali apongozi anga aamuna, amene tonse tinkawatchula kuti Achikulire. Manijala anali mwana wawo woyamba, alamu angawo. Amuna anga, achiwiri kubadwa, anachenjera msanga, anakakhala mphunzitsi n'kundisiya ine m'kamwa mwa mkulu wawo. Ine ndinali wa makompyuta. Alamu ankanditcha Amawaya, ndipo dzinalo sankalitchula mwachikondi.

Chipinda changa kale chinali bafa. Matailosi oyera anali akadali m'makoma, ndipo pamene panali sinki ndi pamene panaima maseva atatu, makompyuta akuluakulu aja osazimitsidwa. Seva yoyamba inkaulutsa mawu. Yachiwiri inkasunga nkhani ndi zotsatsa malonda. Yachitatu, yakale kuposa enawo, inkasunga mapulogalamu akale, ndipo m'menemo ndi mmene munali Amayi, apongozi anga aakaziwo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Loweruka lililonse m'mawa, ankawerenga makalata a omvera n'kumawayankha, ena kuwalangiza, ena kuwakalipira mpaka iwo eni n'kuphulika kuseka. Ndine ndinasamutsa mapulogalamuwo kuchoka m'makaseti, imodziimodzi, miyezi isanu ndi iwiri. Makasetiwo alamu anawataya chaka chotsatira, ati ankafuna malo oikapo sofa mu ofesi mwawo. Nditapempha disiki ina yoti ndisungemo kope lachiwiri, anandifunsa ngati ndinaonapo munthu mmodzi akumugulira mabokosi awiri a maliro.

Chaka chilichonse, tsiku limene Amayi anamwalira, Achikulire ankavala jekete, kulowa mu situdiyo teni koloko, n'kuulutsa pulogalamu imodzi ya akazi awo. Ankakhala ola lathunthu atatsinzina, mahedifoni ali kumutu. Ngakhale alamu, amene pakamwa pawo sipagwa ntchentche, tsiku limenelo ankayenda monyang'ama.

Nkhondo inayamba ndi kalata yochokera ku kampani imene tinkatengako sisitimu, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa masevawo. Mgwirizano wathu wa chaka unali pafupi kutha. Alamu anandiitana, kalatayo ataigwira kunsonga ngati yagwera m'chimbudzi.

"Amawaya, si inu munandiuza kuti sisitimu imeneyi ndi yaulere?"

"Ndinatero, alamu."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Laisensi yake imalola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuikopera, kuisintha, ngakhale kupatsako mnzake. Pamenepo sitilipira. Chimene timalipira ndi chithandizo. Iwowo amatitumizira maapudeti okonzera sisitimuyo, oyesedwa kale, oyenera makina athu, ndipo zikavuta timawaimbira foni n'kutithandiza. Amawerengera seva iliyonse payokha."

"Ndiye kuti galu ndi waulere, koma kuuwa kwake n'kolipira?"

"Galu ndi waulere, alamu, koma akadwala dokotala wa ziweto sabwera ulere."

"Musandiphunzitse za agalu. Nanga inuyo timakusungirani chiyani muno? Chithandizocho si inu?"

Ndinawauza kuti ine ndine munthu mmodzi, pamene kukampaniko kuli anthu amene sisitimuyo amaidziwa mpaka m'matumbo. Ndinawauzanso kuti ngati kulipira kukuwawawa, ilipo sisitimu ina ya mtundu womwewo imene anthu odzipereka amaisamalira, yopanda wokuyankhani foni. Tikanatha kusamukira kumeneko mwadongosolo, kungoti pankafunika disiki yatsopano ndi masabata atatu. Atangomva za disiki anagwedeza dzanja ngati akuthamangitsa udzudzu.

"Tilipirira imodzi, ya kuulutsayo," anatero. "Maapudeti akabwera kumeneko, muziwatapa pa fulashi n'kukathira mwa enawo. Nzeru zimenezi mpaka ndikuuzeni ine?"

"Zimenezo n'zosemphana ndi mgwirizano umene tinasaina. Komanso yachitatu ija ndi yakale, maapudeti a yoyamba sangaikwane bwino."

"Mankhwala a mutu ndi a mutu basi, kaya mutuwo ndi wa agogo kaya wa mdzukulu."

Ndinakazilemba zonsezo papepala, mwaulemu, ndi chenjezo loti seva yachitatu ikadzavuta tidzasowa mtengo wogwira. Pepalalo linabwerako mawa lake. Chapakati alamu anali atalembapo ndi zilembo zawo zazikuluzikulu kuti, "Imodzi basi. Zaulere sitilipira." Linali litadutsanso pa tebulo la Achikulire, monga linkadutsira pepala lililonse la pa wailesipo. Mdalayo anali ndi cholembera chobiriwira chimene munthu wina sankachikhudza, ndipo chilichonse chimene mwana wawo woyamba wawabweretsera ankachisaina osavala n'komwe magalasi. Ankati kuwerenga pepala la mwana wako n'kumutukwana. Ndinalipinda pepalalo n'kuliika mu dilowa, pansi pa masikuludiraiva.

Apa ndisaname, ndinachita zimene anandiuza. Miyezi isanu ndi itatu ndinkayenda ndi fulashi kuchoka pa seva iyi kupita pa iyo, mtima ukundiuza kuti ndikusewera paulimbo. Ndinali ndi ana awiri kusukulu, ndipo kukana alamu pa ntchito kunali kukana alamu pa maliro, pa ukwati ndi patebulo la Achikulire. Ndinkadziuza kuti chaka chikatha ndidzawanyengereranso.

Chaka chimenecho tsiku la Amayi linagwera Loweruka. Lachinayi masana magetsi anazima, mabatire athu okalamba anagwira mphindi zisanu n'kugonja. Magetsi atabwera, seva yoyamba inadzuka, yachiwiri inadzuka. Yachitatu inadzuka koma sinkaonanso madisiki ake. Pa sikirini panangobwera funso limodzi, loti kaya iyambe madisikiwo mwatsopano, inde kapena ayi. Apudeti imene ndinaithira sabata yathayo inali isanagwire ntchito mpaka makinawo atazima n'kuyakanso, ndipo tsopano inali itasemphana ndi kachipangizo kakale koyendetsa madisikiwo.

Alamu anafika pakhomo la chipinda changa akutokosa m'mano.

"Imbani kuja timalipira kuja," anatero. "Muwapatse nambala ya seva yoyamba. Iwo akuona kuno?"

"Adziwa, alamu."

"Imbani, Amawaya. Kapena foni nayo ili ndi laisensi?"

Ndinaimba, foni ndinaiika pokweza kuti amve okha. Anayankha mayi wina wa mawu ofatsa, wa mtundu uja woti ngakhale ukumukalipira amangokuti zikomo. Ndinamupatsa nambala yabodza ija, manyazi akundiotcha kumaso. Iye anandipempha kuti nditumize lipoti limene makinawo amatulutsa okha, lofotokoza zonse za m'kati mwake. Ndinatumiza. Panapita mphindi zingapo tikungomva kugogoda kwa zala zake.

"Mayi, lipotili si la seva imene mwandipatsa nambala yake," anatero. "Iyi sitikuidziwa. Ndikuonanso kuti muli maapudeti a seva ina, osayenera makina amenewa."

Alamu anandilanda foni. "Tamverani kuno, inu. Sisitimu yanuyi ndi yaulere kapena ayi?"

"Ndi yaulere, bambo. Palibe akukuletsani kuigwiritsa ntchito, ndipo palibe abwere kudzakuzimitsirani. Koma ntchito ya akatswiri athu ndi ya makina amene ali mu mgwirizano. Mgwirizano umene munasaina umanena kuti seva iliyonse imene ikulandira maapudeti athu ilembetsedwe. Mukalembetsa ziwiri zotsalazo lero, katswiri ayamba mawa m'mawa."

"Akuba inu! Mumapereka galimoto ulere n'kubisa makiyi!"

"Pepani kuti mwakhumudwa, bambo. Ndikupatsani langizo limodzi, ndipo ili ndiye laulere. Zinthu zanu zikuoneka kuti zikadalimo. Funso lili pa sikirinilo musaliyankhe. Musadine chilichonse."

Alamu anadula foni mayiyo akulankhulabe. Anati sangapatse ndalama anthu amene akumuopseza pa foni, ndipo ngati ine ndalephera ntchito ndinene. Ndinaona kuti apa patsala njira imodzi, kukawapeza Achikulire ndekha, ngakhale kudumpha alamu kunali ngati kutukwana m'tchalitchi. Ndinang'amba pepala, ndinalembapo kuti MUSAKHUDZE, ndinalimata pa sikirini ndi selotepi, n'kutsika masitepe. Chitseko cha bafa lakalelo chinalibe loko. Ndinapempha loko kawiri konse, koma nayenso anali m'gulu la zinthu zosafunika.

Kunyumba kwa Achikulire ndinapeza geti lotseka. Woyandikana nawo anandiuza kuti apita kukayezetsa shuga, ndipo foni yawo, monga mwa masiku onse, inali itatsala pawindo. Ndinadikira ola limodzi padzuwa, kenako ndinabwerera.

Ndikukwera masitepe ndinamva nyimbo zikuchokera m'chipinda changa. Ndinapeza alamu atakhala pampando wanga, mwendo pamwamba pa unzake, pepala langa lija lili pansi ndi chidindo cha nsapato.

"Bwerani mudzaone, Amawaya," anatero akumwetulira mpaka mano a kumapeto. "Makina amafunsa funso, munthu umayankha. Ndadina inde, yadzuka. Ndathiramonso nyimbo zanga zonse kuti ndione ngati ikugwira. Mukumva? Ulere! Anthu aja amafuna kutidyera."

Ndinawakankha ndi mpando womwewo n'kuyang'ana pa sikirini. Madisiki ankaonekadi. Munali nyimbo za alamu zokhazokha, zikwizikwi, zitakhala pamene panali Amayi. Safunsa anadya phula, koma uyu phula lake anadyetsa banja lonse.

"Mwafufuta Amayi," ndinatero.

"Mwati chiyani?"

"Mwafufuta mayi anu, alamu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kenako mwathirapo nyimbo pamwamba kuti asadzukenso."

Kumwetulira kuja kunatsika pang'onopang'ono. Anaima, anayang'ana sikirini, anayang'ana ine. Kwa kamphindi ndinaona mwana amene wataya mayi ake kachiwiri, ndipo ndikanawamvera chisoni akanangokhala chete. Koma alamu anga mantha awo amathawira pakamwa.

"Ndani anathira maapudeti olakwika?" anafunsa motsitsa. "Mayi uja wanena ndikumva. Ndani ankayenda ndi fulashi muno? Ine makinawa ndawapeza atafa kale."

Ndinaimbiranso mayi wa kukampani uja, ulendo uno pa foni yanga. Atamva zimene zachitika anati ngakhale titalipira lero, chimene chingapulumuke ndi tizidutswa, mwinanso ayi, chifukwa nyimbozo zalemba pamwamba. Anati pepani, ndipo ndinamva kuti akunenadi zoona. Madzi akatayika saoleka.

Lachisanu alamu anafika kwa Achikulire ine ndisanafike. Zimene anakanena ndinazimva kwa amuna anga madzulo, ndikuchotsa zovala pachingwe. Ati ine ndinkaba maapudeti mwa nzeru zanga, ndinaononga makina, ndipo iwo anayesetsa kupulumutsa koma anachedwa.

"Ndiye mukuti bwanji inuyo?" ndinawafunsa amuna angawo.

"Amayi a ana, ine ndikudziwa achimwene mmene alili. Koma bambo ndi wodwala. Mawa mungopita, mugwade, munene kuti munalakwitsa. Zitha. Ntchito sangakuchotseni, ndinu mpongozi wawo."

"Ndigwade chifukwa cha chala cha akulu anu?"

"Nanga fulashiyo simunkayenda nayo ndinu?"

"Ndinkayenda nayo, ndipo zimenezo ndivomera pamaso pa aliyense. Koma inde uja sindinadine ine."

"Chibale ndi fupa, amayi a ana, sichiola. Inu mukufuna bambo adane ndi mwana wawo atatsala ndi masiku angati?"

Ndinawaponyera malaya awo osapinda n'kulowa m'nyumba. Chinandiwawa kwambiri si pempho lawolo ayi, koma kuti analinena mofatsa, ngati akundipempha mchere.

Loweruka Achikulire anabwerabe. Anavala jekete lomwe lija, anakwera masitepe akupumira panjira, n'kukakhala mu situdiyo pampando wa akazi awo. Muulutsi wa m'mawa anaika nyimbo zachisoni n'kutuluka mwakachetechete. Tinatsala atatu, mdalayo, alamu ataima kumbuyo kwawo ngati mlonda, ndi ine pakhomo, pepala lija lili m'thumba la siketi.

"Mayi," anatero Achikulire osandiyang'ana, "ndinakulandirani muno ngati mwana wanga. Akazi anga ankakukondani. Ankati mpongozi wanga ali ndi manja abwino. Lero teni koloko yakwana, ndiika chiyani?"

"Bambo, pepani. Mtima wanga ukuwawa ngati wanu."

"Musafanizire mtima wanu ndi wanga."

"Angopepesa basi, bambo," alamu analowerera. "Ife tawakhululukira kale. Munthu amalakwa."

Mawu oti "tawakhululukira" ndi amene anandimaliza. Ndikanatha kugwada, mwina ndikanagwadadi chifukwa cha nkhope ya mdalayo, koma osati kuti ndikhululukidwe ndi munthu amene nsapato yake inali pa pepala langa.

"Bambo, fulashi ndinkayenda nayo ine, ndipo ndinalakwa kuvomera," ndinatero. "Koma ndinachenjeza. Akatswiri anatiuza kuti Amayi akadalimo, tisadine kanthu, tilembetse seva abwere mawa lake. Alamu anakana kulipira, ndipo ine nditapita kukakufunani, anadina okha."

"Bodza!" alamu anakuwa. "Mkazi uyu wakhala akundida kuyambira tsiku limene analowa m'banja muno!"

Ndinatulutsa pepala lija n'kuliyala pa tebulo la situdiyo, pakati pa maikolofoni awiri. Achikulire analiyang'ana kanthawi. Kenako anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa magalasi, anawapukuta ndi tayi n'kuvala. Aka kanali koyamba kuwaona akuwerenga pepala la pa wailesipo. Anawerenga chenjezo langa mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Anafika pa zilembo zazikulu za mwana wawo n'kuziwerenga mokweza, "Imodzi basi. Zaulere sitilipira." Alamu anayamba kufotokoza za mavuto a wailesi, koma mdalayo anakweza dzanja n'kuwaletsa.

Ndinkayembekeza kuti atembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo. Sanatembenuke. Maso awo anatsikira m'munsi mwa pepalalo, pamene panali siginecha yobiriwira, yaikulu, yokhala ndi kamchira kake kokhotera m'mwamba. Chala chawo chinaima pamenepo. Kunena zoona, pokonzekera nkhondo yanga ndi alamu, siginecha imeneyo ndinali nditaiiwala.

"Zinali ndalama zingati?" anafunsa Achikulire.

Ndinawauza. Zinali zosafika mtengo wa sofa ya mu ofesi ya alamu.

Nyimbo imene muulutsi anasiya inatha, ndipo palibe anaika ina, moti omvera athu onse ankangomva zii. Kenako Achikulire anapinda pepalalo kanayi, bwinobwino, n'kuliika m'thumba la m'kati, kumene kumakhala cholembera chija.

"Pepalali mwalisunga miyezi ingati, mayi?"

"Isanu ndi itatu, bambo."

"Miyezi isanu ndi itatu mukudya nane patebulo limodzi, mpeni uli m'thumba."

"Bambo, ine sindinkafuna kuti…"

"Munaona dzina langa pamenepa. Munkadziwa kuti sindinawerenge. Kunyumba kwanga mumakudziwa, munabwera Lachinayi zinthu zitavuta kale. Munalephera chiyani kubwera nthawi imene ija?"

Pamenepo sankanama. Ndinkaopa kudumpha alamu, ndipo mantha angawo ndinawapinda n'kuwaika pansi pa masikuludiraiva.

Achikulire anavula magalasi. Maso awo anali ofiira, ndipo sanayang'ane ine kapena mwana wawo, anayang'ana maikolofoni imene akazi awo ankalankhulira.

"Uyu ndi mwana wanga, ndilibe kwina komutaya," anatero. "Inenso ndilibe kwina kodzitaya. Koma inuyo, mayi, ndikamakuonani pa masitepe awa m'mawa uliwonse, ndizidzaona pepalali. Lolemba musabwere."

Alamu anatulutsa mpweya umene anaugwira nthawi yonseyo, ndipo anayesa kuika dzanja paphewa la bambo awo. Mdalayo analichotsa ngati akuchotsa mbozi. Anatenga mahedifoni, anawavala, n'kutsinzina monga ankachitira chaka chilichonse, ngakhale munalibe mawu alionse.

Ndinapita m'chipinda changa kukatenga kapu yanga ndi masikuludiraiva, poti amenewo ndinagula ndekha. Fulashi ija ndinaisiya pa sofa ya alamu. Ndikutsika masitepe, wa matayala anali ataima pakhomo la sitolo yake akugwedeza kawailesi kake n'kumakamenya m'mbali.

"Alongo, kumtundako kwatani?" anandifunsa. "Lero si tsiku la Amayi? Ine chaka chilichonse ndimatseka kompuresa kuti ndiwamve akukalipira anthu."

"Wailesi yanuyo ili bwinobwino, achimwene," ndinamuuza. "Musaimenye."